Ambulansi isabweretse matenda kwa agogo: kayezedwe ka onyamula okalamba mu Harare

Galimoto yotumikira nyumba zosungira okalamba imazungulira malo amodzimodzi sabata ndi sabata. M'mawa yatenga agogo ku Highfield kupita nawo ku Sally Mugabe Central Hospital, masana yakanyamula ena amene atulutsidwa ku Parirenyatwa, madzulo yawatula ku Chitungwiza. Dalaivala ndi womuthandiza ndiwo amaponda mbali zonse ziwiri: m'wodi mmene muli otsokomola ndi otsegula m'mimba, ndi m'chipinda mmene mwagona anthu a zaka 80 amene sanatuluke pageti mwezi wathunthu.

Ambiri mwa okhala m'nyumba ngati ya Society for the Destitute Aged ku Highfield ndi Bumhudzo ku Chitungwiza ndi akwathu, ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, amene mphamvu zawo zinathera m'mafamu ndi m'migodi ya kuno. Akangomva kuti wowanyamula akulankhula Chichewa, dzanja salisiya. "Mwanawe, kwanu n'kuti? Mfumu yanu ndani?" Womuthandiza dalaivala uja amawerama kuti amve, nkhope pafupi ndi nkhope, mphindi 40 m'kachipinda kotseka. Palibe amene angaletse macheza oterewa, ndipo sitikufuna kuti aletsedwe. Tingotsimikiza kuti wowerama uja sakupumira agogo chifuwa chachikulu kapena fuluwenza, komanso kuti iyeyo sakutenga kanthu kukapatsa ana ake ku Mabvuku.

Malangizowa ndi a woyang'anira gulu la onyamula odwala, namwino wa panyumba ya okalamba, ndi ogwira ntchito eni ake. Mfundo yake ndi imodzi: chipangizo choyezera chimangoyankha za tsiku limene mwayezalo. Matenda alionse ali ndi nthawi yake yoonekera, ndipo mukayeza isanakwane, pepala lidzanena kuti munthu ali bwino pamene kachilombo kali kale m'thupi.

Choyamba: gwirizanani zochita ndi zotsatira musanagule chipangizo chilichonse

Apa ndi pamene magulu ambiri amaphonya. Amagula mabokosi a zoyezera, koma tsiku limene chipangizo chaonetsa mzere wachiwiri, wosonyeza kuti dalaivala wapezeka ndi matenda, 6 koloko m'mawa, agogo atatu akudikira ulendo wa ku makina osefa magazi, palibe amene akudziwa chochita. Mapeto ake dalaivala amauzidwa kuti angovala masiki n'kupita.

Lembani tsamba limodzi loyankha mafunso awa. Ndani amawerenga zotsatira ndi kulamula kuti munthu akhale kunyumba? Ndani alowe m'malo mwake, ndipo nambala yake ili kuti? Masiku amene wakhala kunyumba alipidwa bwanji? Funso lomalizali musalizembe. Lamulo la ntchito la Zimbabwe limapatsa wogwira ntchito masiku 90 a tchuthi cha matenda pachaka pa malipiro athunthu, pakakhala kalata ya dokotala. Koma waganyu wolipidwa pa ulendo sadzakuuzani kuti akutsegula m'mimba ngati kunenako kukutanthauza kuti lero kwawo sadya. Mukapanda kumulipira tsiku limenelo, mafunso anu a m'mawa adzangoyankhidwa kuti "ndili bwino, bwana".

Sungani makaundula awiri. Wina ndi wachinsinsi, wotsekeredwa kwa namwino kapena dokotala wa gulu, mmene muli zotsatira zenizeni. Winayo ndi wa maulendo: tsiku, nthawi, galimoto, ogwira ntchito, agogo amene ananyamulidwa, kochokera ndi kopita. Kaundula wachiwiriyu amaoneka wachabechabe mpaka tsiku limene chipatala chaimba foni kuti agogo amene munawanyamula milungu itatu yapitayo apezeka ndi TB. Nyumba ya okalamba siyenera kuona zotsatira za munthu. Kalata yoti "ndi woyenera kugwira ntchito" ndi yokwanira.

Za HIV tinene mosabisa: kuyambira 1998 malamulo a dziko lino amaletsa kukakamiza munthu kuyezetsa HIV kuti alembedwe kapena apitirize ntchito. Kunyamula wodwala sikupatsira HIV. Limbikitsani aliyense kuyezetsa mwa kufuna kwake, chifukwa amene ali ndi kachilomboka amagwidwa TB mosavuta ndipo alipo mankhwala omuteteza, koma zotsatirazo ndi zake.

Chachiwiri: munthu akamayamba ntchito

Yambani ndi chifuwa chachikulu. Funsani mafunso anayi: Kodi mukutsokomola, ndipo kwa nthawi yaitali bwanji? Thupi limatentha? Mumatuluka thukuta usiku mpaka kunyowetsa zofunda? Mwatsika thupi osafuna? Muyezeni pasikelo, lembani makilogalamu. Kenako akajambulidwe chifuwa, chifukwa anthu ena amakhala ndi TB ya m'mapapo osamva chizindikiro chilichonse. Chithunzi choyambachi chisungeni. Ndicho mudzayerekeze ndi cha chaka chamawa.

Wayankha "inde" ngakhale pa funso limodzi, kapena chithunzi chakayikitsa, apereke makhololo kuti akayezedwe pa makina a GeneXpert. Makliniki a khonsolo ya mzinda amalandira makhololo, ndipo zipatala za Wilkins ndi Beatrice Road ndizo za matenda opatsirana. Makinawa amatulutsa yankho pasanathe maola awiri, ngakhale pepala lingachedwe kukufikani, ndipo amanenanso ngati kachilomboko sikamva mankhwala a rifampicin.

Katengedwe ka makhololo kamaonongetsa zotsatira zambiri. Munthu achukuche m'kamwa ndi madzi okha, atulukire panja pamphepo kutali ndi anzake (osati m'chimbudzi, osati kumbuyo kwa ambulansi), akoke mpweya kwambiri katatu, kenako atsokomole kuchokera pansi pa chifuwa. Pakufunika mamililita 2 mpaka 5, pafupifupi sipuni yaing'ono. Yang'anani m'kabotolomo: ngati ndi zoyera zathovu zoyenda ngati madzi, amenewo ndi malovu, ayambirenso. Makhololo enieni ndi olimba, onanda. A m'mamawa munthu asanadye ndiwo abwino. Dzina lilembedwe pabotolo, osati pachivindikiro, ndipo ngati sakupita ku labotale tsiku lomwelo asungidwe pozizira madigiri 2 mpaka 8. Yankho likati mulibe TB koma munthu akutsokomolabe, nkhani sinathe. Abwerere kwa dokotala.

Pali kuyeza kwinanso kofufuza TB yogona, imene ili m'thupi koma siinadwalitse munthu ndipo sapatsira wina. Kwa pakhungu, amabaya mamililita 0.1 a mankhwala m'khungu la mkono, ndipo ayenera kuwerenga pakati pa maola 48 ndi 72. Akabayidwa Lachinayi, tsiku lowerenga ligwera Loweruka kapena Lamulungu, choncho konzani Lolemba kapena Lachiwiri. Amayeza kutupa kolimba kumene chala chimamva, osati kufiira. Mamilimita 10 kapena kuposa ndiye kuti wapezeka, koma kwa amene ali ndi HIV malire ndi 5. Pafupifupi tonse kuno tili ndi chipsera cha BCG, katemera wa TB wa paubwana, paphewa, ndipo katemerayu nthawi zina amatupitsa malo obayawo popanda TB. Kuyeza magazi kotchedwa IGRA sikusokonezedwa ndi BCG koma ndi kodula. Wopezeka ndi TB yogona sachotsedwa ntchito. Dokotala akatsimikiza kuti alibe TB yodwalitsa, angamupatse mankhwala oteteza, monga a 3HP omwa kamodzi pasabata kwa milungu 12.

Chotsatira ndi hepatitis B, matenda a chiwindi opatsirana kudzera m'magazi. Kachilombo kake kamakhala kamoyo m'magazi ouma pa machira kapena pa lamba kwa masiku osachepera 7, ndipo amene amanyamula anthu opita ku makina osefa magazi katatu pasabata amakhudza mabandeji onyowa kawirikawiri. Yezani kaye HBsAg, chizindikiro cha m'magazi chosonyeza kuti munthu ali ndi kachilomboka. Ngati alibe, abayidwe katemera katatu: lero, pakatha mwezi umodzi, ndi pakatha miyezi 6 kuchokera pa woyamba. Patapita mwezi umodzi kapena iwiri chibayireni womaliza, yezani anti-HBs, mlingo wa chitetezo chimene katemerayu wapanga m'magazi. Ikafika 10 mIU/mL kapena kuposa, watetezedwa, lembani nambalayo. Ikachepa, abwereze katemera yense n'kuyezanso. Ambiri amabaya woyamba ndi wachiwiri, wachitatu n'kuiwalika chifukwa miyezi isanu ndi yaitali. Lembani tsikulo pakalendala ya mu ofesi, osati pakakhadi ka m'thumba mwa munthuyo kokha. Wopezeka ndi HBsAg atumizidwe kwa dokotala kukaona chiwindi, koma ntchito yonyamula odwala apitirize.

Mufunseninso ngati anadwalapo katsabola. Okalamba amadwala mashingozi kawirikawiri, ndipo madzi a m'matuza ake amapatsa katsabola munthu amene sanadwalepo. Wotere, komanso mayi woyembekezera, asanyamule agogo a mashingozi osauma. Onani makhadi a katemera wa Covid-19 ndi chikuku, ndipo pomaliza yang'anani manja ake, pakati pa zala ndi m'mikono, ngati muli mphere.

Mafunso anayi a TB aja ndi sikelo timalangiza kubwereza miyezi 6 iliyonse, chithunzi cha chifuwa kamodzi pachaka.

Chachitatu: m'mawa uliwonse, makiyi asanaperekedwe

Izi ndi mphindi ziwiri basi, koma zimagwira matenda ambiri kuposa zipangizo zonse zodula. Woyang'anira afunse maso ndi maso: kutentha thupi, chifuwa, zilonda zapakhosi, chimfine, kusanza, kutsegula m'mimba, zotupa pakhungu kapena kuyabwa, maso ofiira. Afunsenso ngati kunyumba kuli wodwala zoterezi. Munthu asaine.

Kachipangizo koyezera kutentha pachipumi musakakhulupirire kwambiri. M'mawa wa June, munthu amene wangotsika kombi ku Mbare n'kuyenda pamphepo chipumi chake chimakhala chozizira, ndipo kachipangizo kadzaonetsa 35 ngakhale akutentha thupi. Akhale m'nyumba mphindi 10 kaye. Mufunseninso ngati wamwa panado m'mawawo, chifukwa amabisa kutentha kwa maola angapo. Madigiri 38 ndiye kuti asakwere galimoto. Pakati pa 37.5 ndi 38 bwerezani ndi choyezera cha m'khwapa ndipo mafunso aja muwafunsenso modekha.

Chachinayi: chifuwa ndi chimfine

Kuyambira May mpaka August, nyengo yozizira, ndi pamene fuluwenza imavuta. Kwa mnyamata wa zaka 30 ndi masiku atatu a mphuno yotseka. Kwa agogo odwala mtima ndi chibayo. Imayamba kupatsirana tsiku limodzi zizindikiro zisanaoneke, n'chifukwa chake m'miyezi imeneyi masiki azivalidwa pa ulendo uliwonse, ndipo katemera wa fuluwenza abayidwe cha mu April kuzizira kusanayambe.

Amene wabwera ndi chimfine ayezedwe Covid-19 ndi kachipangizo ka pompopompo. Onani tsiku lothera ntchito pabokosi. Zipangizozi zimasungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 30, ndipo bokosi limene latha sabata m'galimoto yoima padzuwa la October litayeni. Malo ake ndi mu ofesi, m'kabati. Munthu amine kaye. Kamtengo kathonje kalowe mphuno motsatira pepala la m'bokosilo (mtundu wa m'mphuno chabe umalowa pafupifupi masentimita 2), kazungulire kokhudza khoma la mphuno kasanu, kenako mphuno inayo ndi kamtengo komweko. Kavundulireni m'kabotolo ka madzi ake, finyani thonjelo potulutsa, ndipo donthezani madontho amene pepala lanena, osapitirira. Madontho ochuluka amasefukira n'kuononga mizere. Kachipangizoko kakhale patebulo lathyathyathya, osati pantchafu kapena kutsogolo kwa galimoto yoyenda.

Ikani alamu pafoni. Zambiri zimawerengedwa pa mphindi 15, ndipo zikadutsa 30 zimene mukuona sizikhulupirika, popeza pouma pamatha kuoneka mzere wabodza. Mzere wa C uyenera kuoneka. Ukapanda, chipangizocho chalephera, tengani china. Mzere wa T, ngakhale wotumbuluka wofuna kuupendeketsa pawindo kuti uoneke, ndiye kuti wapezeka nako. Apa m'pamene pamabuka mkangano: "Koma bwana, sukuoneka bwino, kangokhala kamthunzi." Kamthunziko ndi mzere.

Yankho loti alibe, pa munthu amene akudwala, silimubwezera pagalimoto. Mwina kachilombo kakadali kochepa, mwina ndi fuluwenza imene chipangizocho sichiona. Abwereze pakatha maola 48, ndipo ngati ndi fuluwenza kapena chimfine china asanyamule agogo mpaka atatha maola 24 osatentha thupi popanda kumwa mankhwala. Wopezeka ndi Covid-19 akhale masiku 10, kapena 7 ngati wachira ndipo chipangizo chaonetsa kuti alibe. Musamudikiritse kuti PCR, kuyeza kwa mu labotale, inene kuti alibe, chifukwa imatha kuonetsabe zotsalira za kachilombo mpaka miyezi itatu munthu atasiya kupatsira ena.

Amene ananyamula wodwala Covid-19 osavala masiki, kapena mkazi wake wapezeka nako, kumuyeza tsiku lomwelo n'kungotaya chipangizo. Muyezeni pa tsiku lachitatu ndi lachisanu, masiki asavule. Akuluakulu anati linda madzi apite ndipo uziti ndadala.

Chachisanu: kutsegula m'mimba, matenda a mzinda uno

Malangizo olembedwa kumaiko ena sanena zambiri za kolera ndi tayifodi, koma Harare amawadziwa. Mliri wa 2008 mpaka 2009 unapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, wa September 2018 unayambira ku Glen View ndi Budiriro, ndipo wa 2023 unavuta kwambiri ku Kuwadzana. Tayifodi inafika poti mu 2019 kunachitika kampeni ya katemera m'madera ngati Mbare, makamaka kwa ana. Ogwira ntchito athu ambiri amakhala m'madera omwewa, amatunga pa zitsime ndi mijigo yomweyo.

Lamulo ndi losavuta: wosanza kapena wotsegula m'mimba sakwera galimoto mpaka atatha maola 48 chilekereni. Vuto ndi manyazi. Bambo wamkulu savomera msanga pamaso pa woyang'anira wamkazi kuti wagona akuthamangira kuchimbudzi, koma mbewa yamanyazi inafera kuuna, ndiye pakhale njira yoti angotumiza uthenga pafoni.

Chimbudzi chamadzimadzi chooneka ngati madzi otsukira mpunga ndi kolera mpaka labotale itakana. Imayamba pakati pa maola 12 ndi masiku 5 munthu atatenga, ndipo imatha kumaliza munthu m'maola ochepa. Ayambe kumwa ORS nthawi yomweyo, kapena madzi a shuga ndi mchere monga amaphunzitsira kuno: masipuni aang'ono 6 osasefukira a shuga ndi theka la sipuni ya mchere m'mamililita 750 a madzi owiritsa. Apite kuchipatala akumwa, asadikire zoyeza. Chimbudzi choyeza chikhale chatsopano, chotapidwa m'chiwiya choyera. Cholakwika chodziwika ndi kutapa m'ndowa imene munathiridwa kale klorini: tizilombo tafa, labotale sipeza kanthu. Chifike pasanathe maola awiri, apo ayi chiikidwe m'kabotolo ka Cary-Blair, kosungira tizilombo tamoyo panjira yopita ku labotale, ndipo chisaumitsidwe mufiriji. Kachipangizo ka pompopompo ka kolera kamangochenjeza. Chotsimikiza ndi kumeretsa tizilombo mu labotale. Ogwira ntchito amene sakudwala sayezedwa kolera, amangoyang'aniridwa masiku 5.

Tayifodi ndi yozembera. Imatenga sabata imodzi mpaka itatu, nthawi zina mwezi, ndipo imabwera ndi kutentha thupi kokwera tsiku ndi tsiku, mutu, ndi m'mimba mopweteka, mwina popanda kutsegula n'komwe. Njira yodalirika ndi kumeretsa magazi, mamililita 8 mpaka 10 kwa munthu wamkulu, otengedwa asanamwe mankhwala alionse opha tizilombo. Mapiritsi ogula pamsika munthu asanayezetse ndiwo amabisa matendawa, komanso mu Harare mwapezeka tayifodi yosamva ciprofloxacin, choncho labotale iyenera kunena mankhwala amene agwire. Botolo la magazi omeretsa saliika mufiriji. Kuyeza magazi kotchedwa Widal n'kotsika mtengo ndipo kumapezeka paliponse, koma kumanama mbali zonse ziwiri. Musachotse kapena kubwezera munthu pantchito chifukwa cha Widal yekha. Ochepa mwa ochira amasungabe tizilombo mu ndulu n'kumatitulutsa m'chimbudzi kwa miyezi kapena zaka. Popeza womuthandiza dalaivala amamwetsa agogo madzi ndi kuwapatsa mankhwala panjira, asanabwerere apereke chimbudzi katatu, motalikirana maola osachepera 24, kuyambira patapita maola 48 chimalizireni mankhwala, ndipo katatu konse kaonetse kuti mulibe.

Sanitayiza sapha bwino tizilombo tina totsegula m'mimba, monga norovirus. M'galimoto mukhale chigubu cha madzi ndi sopo, ndipo poti mipopi ya mzinda uno imauma, chidzazidwe usiku.

Chachisanu ndi chimodzi: ngozi ikachitika

Kulasidwa ndi jakisoni wogwiritsidwa kale ntchito, kawirikawiri wosiyidwa m'zofunda za pamachira, ndi nkhani ya maola. Tsukani ndi sopo pamadzi oyenda. Musafinye bala, musathirepo Jik. Magazi akathovukira m'maso kapena m'kamwa, tsukani ndi madzi ambiri. Dziwitsani woyang'anira, ndipo munthuyo apite kuchipatala shifiti isanathe. Mankhwala oteteza ku HIV amagwira bwino akayambika m'maola oyambirira, ndipo maola 72 akadutsa saperekedwa. Amamwedwa masiku 28 osadumphitsa. Tsiku lomwelo ayezedwe HIV ndi hepatitis B ndi C kuti zidziwike mmene analili ngozi isanachitike, agogo nawonso ayezedwe atavomera. HIV ibwerezedwe pa milungu 6 ndi pa miyezi itatu.

Mwayi wotenga HIV pa kulasidwa kumodzi ndi pafupifupi 3 pa 1,000, pamene wa hepatitis B kwa munthu wosabayidwa katemera umatha kufika 30 pa 100. Apa m'pamene nambala ya anti-HBs ija imagwira ntchito: amene inafika 10 safuna china chilichonse cha hepatitis B, wosabayidwa ayambe katemera tsiku lomwelo ndipo dokotala aone za jakisoni wa HBIG, wopereka chitetezo cha msanga ku hepatitis B, amene ndi wabwino m'maola 24 oyamba. Ngoziyo ilembedwe ngati ngozi ya pantchito, kuti za NSSA, bungwe la boma lolipira ovulala pantchito, zisadzavute mtsogolo.

TB ndi yosiyana: ilibe changu chotero, koma imafuna kukumbukira. Chipatala chikanena kuti agogo amene munawanyamula ali ndi TB ya m'mapapo, tsegulani kaundula wa maulendo, pezani onse amene anakwera nawo, funsani mafunso anayi aja lero. Kuyeza kwa pakhungu kapena IGRA kumayamba kuonetsa patapita milungu 8 mpaka 10, choncho amene poyamba analibe abwereze nthawi imeneyo. Wopezeka ndi TB yodwalitsa amamwa mankhwala miyezi 6. Ambiri amasiya kupatsira ena patatha milungu iwiri ya mankhwala ogwira, koma tsiku lobwerera kwa agogo anene ndi dokotala. Agogo amene anagwira ntchito m'migodi, mapapo awo anadya fumbi la miyala ndipo TB imawagwira mosavuta. Aliyense wotsokomola avale masiki wamba, omunyamula avale masiki wothina wosefa mpweya wotchedwa N95, mawindo atsegulidwe, ndipo makina oziziritsa asazungulitse mpweya womwewo. N95 pa ndevu imadutsitsa mpweya m'mbali.

Mphere

Anthu amaziderera, koma m'nyumba ya okalamba zimatha kuzungulira miyezi. Kwa amene sanadwalepo, kuyabwa kumayamba patapita milungu 2 mpaka 6, ndipo nthawi yonseyo akupatsira ena. Okalamba ofooka amatha kukhala ndi mtundu wa makwamba okhuthala m'manja ndi m'mapazi, osayabwa kwenikweni koma odzaza tizilombo, moti kuwanyamula kamodzi opanda magolovesi n'kokwanira. Namwino wozolowera amazizindikira ndi maso. Wopezeka nazo adzole benzyl benzoate kapena permethrin thupi lonse kuyambira m'khosi kutsika, pamodzi ndi apabanja pake ndi mnzake wa pagalimoto, onse tsiku limodzi, ndipo abwerere kuntchito patatha maola 24. Mabulangete a m'galimoto achapidwe ndi madzi otentha kwambiri kapena amangidwe m'thumba la pulasitiki masiku osachepera atatu. Kuyabwa kumapitirira mpaka milungu inayi mankhwala atagwira kale. Asamangodzolanso, khungu lingapse.

Galimoto, ndi zimene nyumba ya okalamba iyenera kukuuzani

Ogwira ntchito angayezedwe bwino, koma machira akuda aononga zonse. Jik wa 3.5 peresenti amasungunulidwa motere: gawo limodzi m'magawo 34 a madzi popukuta machira, malamba ndi zogwirira pakati pa maulendo, gawo limodzi m'magawo 16 mukanyamula woganiziridwa kolera, gawo limodzi m'magawo 6 pamene patayikira magazi. Masanzi ndi chimbudzi cha kolera zimafuna klorini wa 2 peresenti, magalamu 30 a HTH, klorini wa ufa, m'lita imodzi. Chotsani zonyansa ndi sopo kaye, chifukwa klorini amatha mphamvu akakumana ndi litsiro, ndipo musiyeni mphindi 10 musanapukute. Sungunulani watsopano tsiku lililonse. Wa dzulo wokhala padzuwa ndi madzi onunkhira chabe.

Musananyamuke, funsani namwino wa panyumbapo ngati agogowo kapena ena m'chipinda chawo akutsokomola, akutsegula m'mimba kapena akuyabwa. Funsaninso ngati asintha khalidwe. Okalamba ambiri satentha thupi ngakhale matenda atakula. Chimene chimaoneka ndi kusokonezeka mutu, kukana nsima, kugona kwambiri kapena kugwa. Agogo amene sabata yatha anakufunsani za kwanu, lero akungoyang'ana kudenga osayankha moni, atengeni ngati odwala ndipo valani zodzitetezera.

Anthu awiri kapena kuposa a nyumba imodzi akadwala mofanana m'masiku atatu, imeneyo ndi nkhani yodziwitsa achipatala a khonsolo ya mzinda tsiku lomwelo. Kolera ndi tayifodi lamulo la zaumoyo limafuna kuti zinenedwe ngakhale wodwala ali mmodzi. Patulani galimoto imodzi ndi anthu awiri omwewo kuti azitumikira nyumba imeneyo yokha mpaka achipatala atanena kuti zatha. Ngati galimoto ili imodzi, ulendo wa kunyumba imeneyo ukhale womaliza pa tsikulo, kenako itsukidwe ndi kusiyidwa zitseko zotsegula kuti iume isanalowe m'galaja.